Khona ya pa Mlombwa

Yohane, iwe ndi amene wakhala ukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala. Mlongo wako Tiyamike sanapemphepo, koma ndikudziwa kuti awerenga, ndipo mwina ndiye ndikumulembera kwenikweni. Za ubwana wanga ndazidumpha. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikometsera kuposa ine. Ndiyambira pomwe ndinagwira choko. Ndatopa, ana anga, osati kutopa koti munthu n'kugona n'kudzuka ali bwino ayi, choncho musayembekezere nkhani yokoma.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Sukulu yanga yoyamba inali ya pulayimale, mkati mwenimweni mwa esiteti ya tiyi, pamwamba pa phiri. Nditafika ndi sutikesi yamalata ndi mphasa, a hedi, mkulu wina wa ku Mulanje wokonda ndodo kuposa choko, anayamba andiyang'ana kaye kumapazi. "Nsapatozo muzisunge za kutchalitchi," anatero. "Kuno katondo amadya nsapato." Sananame. Dothi lofiira la m'minda ya tiyi likanyowa limamata ngati phala, ndipo nsapato zanga sizinaone mvula yachiwiri. Nyumba anandipatsa m'malaini a antchito, chipinda chimodzi chodontha pakona pomwe panayenera kukhala bedi. Ana anga onse m'kalasi anali a anthu othyola tiyi. Mvula ikayamba, tiyi n'kuphukira, kalasi inkatsala theka, poti ena ankalera makanda, ena ankathandiza makolo kudzaza madengu. Ndinkakwiya chaka choyamba, chachiwiri ndinkangodandaula, kenako ndinazolowera. Mayi anu ndinawapeza komweko akuimba kwaya ku Sabata, ndipo pa zonse zomwe esiteti ija inandipatsa, iwo okha ndi amene sindinadandaule nawo.

Msewu wochoka pasukulupo kupita kumunsi, komwe kuli fakitale ndi msika, umatsetsereka ndi phiri. Chapakati pa mtsetsewo pali khona yomwe anthu amati pa Mlombwa, ngakhale mtengowo unadulidwa ine ndisanabwere. Chaka changa choyamba ndinagwapo ndi njinga yobwereka. Sindinkathamanga. Ndinangoona njinga yakana kukhota, ine ndi iyo tonse m'tiyi, azimayi othyola akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinadzuka, ndinasasa buluku, ndinapepesa kwa mwini njinga. Chomwe chinandigwetsa sindinachidziwe mpaka patapita zaka zambiri.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi zaka zotsatira

Boma litatsegula masekondale oyendera m'midzi, aphunzitsi a sayansi kunalibe. Akuluakulu anafufuza n'kupeza kuti ine Nampinga ndinakhoza masamu kusukulu. Basi, mlungu wotsatira ndinali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale yatsopano, pamwamba pa phiri lomwelo, kunja kwa geti ya esiteti. Labotale kunalibe. Buku linali limodzi, langa, ndipo zomwe ndinkaphunzitsa Lachiwiri ndinkakhala nditaziwerenga Lolemba. Ana ankaloweza mayina a zipangizo zomwe ngakhale ine ndinali ndisanazigwirepo. Tinakhala choncho zaka, kulonjezedwa zipangizo chaka chilichonse, kulandira makalendala.

Dzina lomwe mumalimva anthu akundiitana pamsika linabadwa nthawi imeneyo. Buku linkati fulikishoni ndi mphamvu yotsutsa kuyenda kwa chinthu, yobwera pomwe zinthu ziwiri zikukhudzana. Ine m'kalasi ndinkangoti kugwirana: tayala kugwira msewu, phazi kugwira nthaka. Koma ana anatola mawu akuti kutsutsa, n'kuwaveka ine. Sindingawaimbe mlandu. Ndinkatsutsadi: kutuma ana kukatunga madzi a aphunzitsi nthawi ya kalasi, kuwathamangitsa chifukwa cha yunifomu, kulemba kuti tamaliza silabasi tisanamalize. A Makwale atabwera kudzakhala a hedi athu, anapeza dzinalo litakhazikika kale. Anali munthu wosalala pakamwa, wodziwa kuseka ndi mafumu komanso mabwana a ku ofesi, ndipo sukulu inkayenda ndithu m'manja mwawo. Tsiku lina pamsonkhano wa aphunzitsi anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "A Nampinga, inu chilichonse kutsutsa. Ana aja dzina sanalakwitse." Ndinati, "A hedi, popanda fulikishoni munthu sangaponye phazi." Iwo anati, "Eee, zoona. Koma ikachuluka makina amatentha." Aphunzitsi anaseka, nanenso ndinaseka. Ndi a Makwale omwewo amene pambuyo pake anandipanga wachiwiri wawo, mwina poganiza kuti udindo undifewetsa.

Silabasi itasintha, anabweretsa mutu wa zinthu zoyenda mozungulira, ndipo mabuku ake anatipeza titauphunzitsa kale kawiri. Mutu umenewu ndinaukonda kuposa ina yonse, chifukwa unandiuza chomwe chinandigwetsa ndi njinga ija. Ndinkawauza ana kuti chinthu chilichonse choyenda, kaya njinga kaya lole, chimangofuna kupita kutsogolo, kukhota sichifuna. Kuti chikhote pamafunika china chochikokera mkati mwa khona. Pamsewu wafulati ntchito imeneyi ndi ya matayala okha. Akagwira, galimoto imakhota. Akalephera, imapitirira kukalowa m'tchire. N'chifukwa chake okonza misewu yabwino amakweza mbali yakunja ya khona kuti msewu upendekere mkati, uzithandiza kukankha galimoto, matayala asamavutike okha. Poti zipangizo kunalibe, ndinkanyamula beseni la mayi anu ndi ndimu. Ndikazunguza ndimu m'beseni, inkathamanga m'mbalimbali osatuluka. Kenako ndinkatembenuza beseni, kamwa pansi, n'kuyesa kuizunguza ndimu pamsana pake. Inkangogubuduka kukalowa pansi pa madesiki. Ndiye ndinkafunsa, "Khona ya pa Mlombwa ndi beseni liti?" Kalasi yonse inkayankha pamodzi, "Lotembenuza, sala!" Mayi anu ankati beseni lawo laphunzira kuposa iwo, koma zovala zikudikira.

Ndi mmene ilili khona ija. Inapendekera kunja, kumunsi kwa phiri. Ndinapita kukaonana ndi kapitawo woyang'anira misewu ya pa esiteti, ndikuganiza kuti ndikukamuunikira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Aphunzitsi, ine bwana wanga ndi madzi. Ndikaupendeketsa mkati, mvula yonse ya phirili izidikha m'khonamo, Janyuwale asanathe msewu kulibe. Ndiye masamba akafika bwanji ku fakitale? Mathirakitala athu amatsika ndi giya wani, saterereka. Ndipotu mvula ikamagwa, alonda a pa geti salola galimoto yonyamula anthu kudutsa. Lamulo lilipo." Ndinangobwerera, chifukwa nayenso ankanena zoona.

Pali chinthu china m'mutu umenewu chomwe ana ankakana kukhulupirira. Ukalemba masamu ake, kulemera kwa galimoto kumapezeka mbali zonse ziwiri, n'kufafanizika. Tanthauzo lake n'lakuti liwiro lomwe galimoto ingakhote nalo osaterereka ndi limodzimodzi, kaya yadzaza kaya ilibe kanthu. Tiyamike, chitsiriza wanga, atafika Fomu 4 anali m'kalasi langa, ndipo kunena zoona sindinaphunzitsepo mwana wakuthwa mutu ngati iye. Mtima wake wonse unali pa unamwino. M'kalasi anangolemba, koma titafika kunyumba anati, "Koma ababa, madalaivala onse amati galimoto yopanda katundu imavina, yodzaza ndiye imagwira pansi. Akunama onsewo?" Ndinati, "Pamayeso ukalembe za m'buku." Anaseka n'kupita kukatsuka mbale.

Chaka cha mayeso a Tiyamike

Sukulu yathu inalibe holo, choncho ana a Fomu 4 ankakalembera mayeso kusukulu ina yakumunsi, kupitirira fakitale. Ndi kutali koti pa phazi munthu amafika atatheratu. Makolo anasonkha, a Makwale anagwirizana ndi Che Amidu, mwini lole wa pa malonda pathu, kuti aziwatenga m'mawa uliwonse kudzera njira yachidule ya mu esiteti. Che Amidu anali munthu wopemphera, wosamwa, wodziwika ndi aliyense, ndipo maliro ambiri a m'dera lathu anawanyamula osafunsa kanthu. Lole yawo inali yokalamba, matayala akumbuyo osalala ngati chikhatho. Ndinawaona matayalawo tsiku lomwe tinkapangana, ndinanena, ndipo a Makwale anati, "Ino ndi nyengo yozizira, a Nampinga, mvula inatha kalekale. Mwapezanso chotsutsa?" Masiku oyamba kunali dzuwa, tinayenda bwinobwino, ine ndikukhala kutsogolo ndi dalaivala poti a hedi ankatsogola pa njinga yawo yamoto.

Tsiku la pepala la Chingerezi kunacha ndi chiperoni. Nonse mukudziwa kuti wolephera Chingerezi alibe satifiketi, ngakhale atakhoza ena onse. Mukudziwanso chiperoni, kamvula kowaza ngati utsi komwe sikanyowetsa ngakhale malaya amkati, kongoziziritsa mafupa. Kwathu kuno palibe amene amakawerengera ngati mvula. Munthu amapita nako kumunda, amayanika nako ndi zovala. Koma ine ndinali nditayenda pa katondo zaka zonse zija, ndipo ndinkadziwa kuti mvula yamphamvu imatsuka msewu n'kusiya timiyala poyera, pomwe chiperoni chimangonyowetsa fumbi la pamwamba, n'kulisandutsa sopo, pansi pali pouma gwa. Titafika pa geti ndinali ndi chiyembekezo chakuti mlonda atibweza, mlandu usakhale wanga. Anatuluka atafunda thumba, anayang'ana kumwamba, n'kunena kuti, "Iyi si mvula, n'chiperoni. Dutsani, ana asachedwe."

Tinayamba kutsetsereka. Kumbuyo ana anali ataima mothinana, atagwirana m'mapewa, ena akuwerenga timapepala tawo tomaliza. Pamalo ena owongoka ndinamva matako a lole akugwedezeka pang'ono, Che Amidu n'kuwongola chiwongolero. Khona isanaoneke ndinati, "Che Amidu, taimani." Anaima. Ndinati, "Ana atsike, adutse pa Mlombwa wapansi. Inu mutsike nokha pang'onopang'ono, mukatidikire kumunsi." Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Aphunzitsi, mukufuna kundipha? Katundu ndi amene akugwiritsa matayala pansi. Mukanditsitsira anawa, kumbuyoku kupepuka, lole ivina. Ine njira ino ndayenda ndisanamere ndevu." Ndinati, "Kulemera sikusintha kanthu pa khona. Ikafuna kuterereka iterereka, kaya muli anthu kaya mulibe. Kusiyana kwake n'kwakuti ikaterereka ndi anthu oimirira, igubuduka nawo." Iwo anati, "Zimenezo n'za pa bolodi. Asiyeni anawa, Mulungu alipo, tidutsa." Ndinaganiza za pepala la Chingerezi, ndinaganizanso za beseni lotembenuza. Kenako ndinatsegula chitseko, n'kufuula kuti aliyense atsike.

Anatsika akung'ung'udza. Tinayenda m'mphepete mwa tiyi, nsapato zikulemera ndi matope. Che Amidu anatidutsa pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, osatiyang'ana. Tonse tinaona zomwe zinachitika. Lole inalowa pa Mlombwa, mutu unakhota, koma matako anakana. Anatsetsereka cham'mbali, mwakachetechete, mopanda ngakhale phokoso, mpaka matayala akumbuyo anatsika m'mphepete n'kukatitimira m'tiyi. Inaima chopendekeka, sinagubuduke. Che Amidu anatuluka ali bwinobwino, opanda ndi bala lomwe. Anavula chipewa chawo, anayang'ana lole, kenako anandiyang'ana ine, n'kunena kuti, "Mwaona, aphunzitsi?" Inenso mumtima ndinkanena mawu omwewo kwa iwo.

Anyamata anayesa kukankha, lole inangotitimira. Foni m'chigwa chija sigwira. Ndinawauza ana kuti athamange, aliyense mmene angathere. Anyamata ndi atsikana ena amphamvu anasowa mu nkhungu. Ine ndinatsalira ndi gulu la m'mbuyo, ndipo Tiyamike anali momwemo, akukoka mnzake wina wolumala mwendo. Titafika pamsewu wafulati wa ku fakitale tinakumana ndi njinga yamoto imodzi yokha, ya mnyamata wonyamula mkaka. Inali yoti n'kukwera awiri. Ndinakweza mtsikana wolumala uja ndi wina amene anagwa n'kubinya phazi. Tiyamike anangondiyang'ana, n'kuvula nsapato, n'kuyamba kuthamanga.

Ambiri analowa, ena mochedwa koma analoledwa. Gulu lathu la m'mbuyo tinapeza chitseko chatsekedwa. Oyang'anira mayeso anali alendo, ndipo lamulo la ochedwa mopitirira silinapangidwe ndi iwo. Ndinachonderera, a Makwale anachonderera kuposa ine, ndiwayamikire pamenepo, koma sizinatheke. Atsikana anakhala pakhonde akulira. Tiyamike sanalire. Anakhala pa sitepe akuchotsa matope kuphazi ndi kamtengo, kufikira anzake anatuluka.

Msonkhano, ndi zaka za ku Nsabwe

Mayeso atatha makolo anaitanitsa msonkhano. Che Amidu anaimirira, analankhula mwaulemu, ndipo ulemuwo ndi umene unandipweteka. "Ine aphunzitsiwa sindidana nawo. Koma ndinawauza kuti lole yopanda katundu imavina. Akanawasiya ana m'mwamba, tikanadutsa, onse akanalemba." Madalaivala omwe analipo anavomereza ndi mitu. Nditapatsidwa mpata ndinayamba kufotokoza za khona yopendekera kunja, za matayala, za kulemera komwe kumafafanizika. Ndili pakati, mayi wina wothyola tiyi, amene mwana wake anali m'gulu lotsekeredwa lija, anaimirira osapempha. "Aphunzitsi, ife sitinabwere ku kalasi. Ine ndathyola tiyi ndi msana uwu kuti mwana uja asadzathyole. Ndiye mukundiuza kuti chafafanizika n'chiyani?" Ndinakhala pansi. A Makwale anatseka msonkhano ndi mawu ofewa, ndipo teremu isanayambe ndinauzidwa kuti ndasamutsidwira kusukulu ina yakutali, ku Nsabwe, kuti mitima izizire.

Funso lomwe mwakhala mukuopa kundifunsa ndi lakuti, kodi ndani ankanena zoona? Sindikudziwa, ana anga, ndipo sindidzadziwa. Masamu a m'buku amanena za msewu wouma ndi tayala labwino, sanalembedwe ndi munthu woti anapondapo katondo wa chiperoni. Mwina kulemera kukanaboola sopo uja, matayala n'kugwira pouma pansi pake, monga ankanenera Che Amidu. Mwinanso ikanaterereka chimodzimodzi, ndipo ndi ana oimirira m'mwamba sikanaima chopendekeka. Ku Nsabwe ndinali ndi nthawi yambiri yowerengera zimenezi, ndipo ndinawerengera mpaka kutopa. Yankho limafuna kuti lole ija itsikenso kachiwiri ili ndi ana, ndipo ine sindikanalola ngakhale lero. Sindikulemba izi kuti ndipepese. Ndikanabwerera m'mawa uja, ndikanatsegulanso chitseko cha lole chija. Chomwe chimandilemera n'chakuti mtengo wake sindinalipire ndine ndekha.

Tiyamike anakhoza maphunziro ena onse, sayansi ndiye anaposa aliyense pasukulupo, koma satifiketi panalibe. Tinagwirizana kuti abwereze. Chaka chotsatira sukulu zinatsekedwa chifukwa cha mliri uja, ana anakhala pakhomo miyezi yambirimbiri, ine ndili kutali. Pomwe zinkatsegulidwa, Tiyamike anali ndi pathupi, ndipo anakwatiwa ku Goliati ndi mnyamata wolima tomato. Ndi munthu wabwino, sindimudandaula. Koma unamwino unathera pa sitepe paja. Tiyamike sanandinyozepo, mwana woleredwa ndi mayi anu sangatero. Ankandipatsa moni atagwada, ankanditumizira tomato, ankafunsa za mawondo anga. Za m'mawa uja sanatchulepo ngakhale kamodzi, ndipo kuseka nane monga ankachitira kale kunatha. Ulemu wotero umazizira kuposa chiperoni.

Ku Nsabwe ndinakhala ndekha, mayi anu atatsala kusamala pakhomo. Kumeneko misewu ndi yoti ngakhale njinga imaganiza kawiri. Sukulu inalibe labotale, monga mwa masiku onse, ndipo choko tinkachita kudula pakati. A hedi akumeneko anali mnyamata woti ndikanatha kumuphunzitsa, ankandilemekeza, nane sindinamuvutitse. Kutsutsa ndinasiya. Pamisonkhano ndinkangokhala, akati tichite chakuti, ine eya. Mutu wa khona ndinkauphunzitsabe poti uli m'silabasi, koma ndi choko basi, beseni sindinalinyamulenso. Dzina lija linanditsatira, ana akumeneko ankalitchula osadziwa komwe linachokera. Tsiku lopuma ntchito anandipatsa bulangete ndi wailesi, anaimba nyimbo, ndinathokoza, ndinakwera galimoto.

Chaka chino, nyengo yozizira

Mwezi wathawu Tiyamike anabwera kudzationa ndi kamtsikana kake, Chisomo. Anapeza mawondo anga atatupa, n'kulamula kuti mawa lake andiperekeza kuchipatala cha kumunsi. Amalamula ngati namwino ndithu. Kunacha ndi chiperoni. Tinakwera kagalimoto ka matola kotsegula kumbuyo, kodzaza anthu ndi matumba a makala, ine atandikhazika pa tayala la sipeya, Tiyamike atakhala m'mphepete ndi mwana pamiyendo. Dalaivala anali mnyamata wachilendo. Pa geti mlonda anali wina, koma mawu anali omwe aja, anangoyang'ana kumwamba n'kukweza chitsulo chotchingira msewu. Ine ndinatseka pakamwa. Mumtima ndinati ndakalamba, ndatsutsa mokwanira, chomwe chichitike chichitike.

Titayamba kutsetsereka ndinaona Tiyamike akusuzumira tayala la kumbuyo, kenako msewu, kenako tayala. Tisanafike pa Mlombwa anamenya denga la galimoto ndi chikhatho, mwamphamvu. "Adalaivala, taimani! Titsike!" Galimoto inaima. Anthu anayamba kudandaula. Bambo wina anati, "Mayi, mwatani? Si mvula iyi, n'chiperoni chabe." Dalaivala anatulutsa mutu. "Asisi, mukatsika ine sindidikira, ndili ndi ma tiripi." Tiyamike anali atatsika kale, akuberekera mwana kumbuyo. Anamanga nsalu, n'kutambasula dzanja kwa ine.

"Tsikani, a Fulikishoni."

Sanayambe wanditchulapo dzina limenelo. Ndinatsika movutika, iye atandigwira m'khwapa. Galimoto inanyamuka, tinaiona ikulowa pa khona, inakhota bwinobwino osagwedezeka n'komwe, ndipo anthu a kumbuyo anatiseka mpaka anabisika ndi tiyi. Sinatidikire. Tinatsala atatu mu nkhungu, chipatala chili kutali, mawondo anga akulira.

Tinayenda pang'onopang'ono m'mphepete, momwe tinadutsa tsiku lija. Pa Mlombwa sipanasinthe, mpaka lero msewu unapendekera kunja. Titafika pomwe lole inatitimira ndinaima kuti ndipume, ndipo ndinati, "Yadutsa bwino." Tiyamike anati, "Ndaona." Anakonza nsalu paphewa. Kenako anati, "Ababa, musaganize kuti ndanena kuti munakhoza tsiku lija. Sindikudziwa ngati munakhoza. Pepala lija limandiwawabe, ndipo njinga yamoto ija ndimaiona mpaka lero." Ndinati, "Ndikudziwa, mwanangu." Anatembenuka pang'ono kuti aone nkhope ya Chisomo, yemwe anali atagona kumsana, kachipewa katanyowa ndi timadontho.

"Koma uyu sindingadutse naye pamenepa pa matayala aja," anatero. "Olo andide."

Anandigwira mkono, n'kundiuza kuti ndiziponda pa udzu, pakatondo mpoterera. Tinatsika choncho mpaka kumunsi, ndipo kuchipatala tinafika mzere utatalika kale.